Ayambe Ndani: Mbiri ya Mzere wa pa Netiweki, Kuchokera ku Ma Lamya a Asilikali Mpaka ku Chitungwiza

Chitungwiza ndi tauni imene idamangidwa kuti anthu ake azidikira. Boma la atsamunda la Rhodesia, limene kuyambira pa lamulo logawa malo la 1930 silinkafuna kuti anthu akuda akhale moyandikana ndi azungu, linkafuna manja awo masana ku Salisbury, koma dzuwa likalowa azikagona kutali. Mu 1978 madera atatu, St Mary's, Zengeza ndi Seke, adaphatikizidwa n'kukhala tauni imodzi, makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa mzinda umene lero ndi Harare. Kalembera wa 2022 adapezamo anthu opitirira 370,000, komabe ntchito za ambiri zili ku Harare, njanji imene yakhala ikulonjezedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1980 mpaka lero sinamangidwe, ndipo madzi amachita kugulidwa ku khonsolo ya Harare n'kumatuluka m'mipope mwa apo ndi apo. Wokulira kumeneko safunika kuuzidwa kuti chinthu chikachepa, mkangano umakhala wakuti ayambe ndani. Mkangano womwewu uli m'kati mwa kabokosi kotchedwa switch, kamene lero kamapezeka m'masukulu, m'zipatala ndi m'mashopu a m'tauniyi. Mwambo wopatsa uthenga wina mpata woyamba pa netiweki udabadwa ngati nkhani ya maudindo, ndipo ine ndikuti udayamba kukhala waphindu pokhapokha pamene udaleka kufunsa kuti mwini uthenga ndani, n'kuyamba kufunsa kuti ndi uthenga uti umene umawonongeka ukachedwa. Paliponse pamene funso lakale lija labwerera, kaya kudzera m'boma kapena m'thumba, anthu ngati a ku Chitungwiza ndiwo apezeka kumbuyo.

Switch ndi kabokosi kokhala ndi timabowo tolowetsamo mawaya, momwe makompyuta, mafoni a pa desiki, makamera ndi zida za Wi-Fi za m'nyumba imodzi zimakumanirana. Yotchipa mumangoilumikiza kumagetsi, ilibe choti muiuze. Ina, imene amalonda amaitcha managed switch, imalola katswiri kulowamo n'kuiikira malamulo. Uthenga uliwonse, kaya mawu, chithunzi kapena filimu, umadulidwa m'mapaketi, ndipo paketi yaikulu pa mawaya a Ethernet imanyamula mabaiti 1,500, amene ndi mabiti 12,000. Tiyerekeze shopu ya pa Makoni, ku Chitungwiza, yosindikiza mapepala ndi kugulitsa Wi-Fi. M'kati mwa shopuyo mawaya amathamangitsa mabiti 1 biliyoni pa sekondi, koma chingwe chotulukira kunja chimangotha kutumiza mabiti 10 miliyoni. Paketi imene m'kati imadutsa m'mamilisekondi 0.012, potulukira imafuna mamilisekondi 1.2. Kasitomala wina akayamba kutumiza vidiyo ya ukwati, mapaketi ake amafika potulukirapo mothamanga kuposa mmene angatulukire, ndiye amaunjikana. Akaunjikana 200, amene wafika pambuyo pake adikira mamilisekondi 240. Tsono pa mpando wina pali mayi amene akulankhula pa foni ya intaneti. Mawu ake amatumizidwa m'timapaketi tating'ono, kawirikawiri kamodzi pa mamilisekondi 20 aliwonse, ndipo bungwe la ITU lidalangiza kalekale kuti mawu asamachedwe kupitirira mamilisekondi 150 kuchoka pakamwa kufika kukhutu. Akapitirira pamenepo olankhulanawo amayamba kudulana mawu, kenaka ndi «halo, mukundimva?» basi. Koma timapaketi ta mayiyo tikaloledwa kudumpha mzere, vidiyo ya ukwati ija imachedwa pang'ono kwambiri moti mwini wake sangadziwe n'komwe. Nkhani yonse yagona pa kusiyana kumeneku. Switch siwonjezera kukula kwa chingwe ngakhale pang'ono. Imangosankha woti adikire.

Kusankhaku ndi kwakale kuposa kompyuta. M'masiku amene lamya inkalumikizidwa ndi manja, wokhala pa bolodi ndiye ankasankha woyamba, ndipo nkhani imene imakambidwa kawirikawiri ndi yakuti Almon Strowger, woika maliro wa ku Kansas City, adapanga makina olumikiza lamya okha, amene adalembetsa mu 1891, chifukwa ankakayikira kuti wa pa bolodi ankapatutsira makasitomala ake kwa mnzake wopikisana naye. Makina adachotsa tsankho la munthu mmodzi, koma asilikali a ku America adalibwezeretsa mwadala. Netiweki yawo ya lamya ya m'zaka za m'ma 1960, yotchedwa AUTOVON, idali ndi mafoni okhala ndi mabatani anayi owonjezera: Priority, Immediate, Flash ndi Flash Override. Mizere ikadzaza, wamkulu ankadina batani lake, ndipo wamng'ono amene anali pakati pa chiganizo ankangomva kuti lamya yaduka. Mu Seputembala 1981, chikalata cha RFC 791 chimene Jon Postel adakonza, chofotokoza mmene paketi ya intaneti iyenera kuonekera, chidapatula mabiti atatu osonyeza ulemerero wa paketi, ndipo mayina ake adali omwewo a asilikali, kuyambira Routine pansi kukwera mpaka Flash Override ndi kupitirira. Intaneti idabadwa ili kale ndi nyota paphewa.

Chochititsa chidwi n'chakuti kunja kwa usilikali mabiti atatuwo sadagwire ntchito kwenikweni. Udindo umalemekezeka pamene pali wolanga wonamizira udindo, ndipo pa netiweki ya mayunivesite padalibe wotero. Vuto litafika, silidathetsedwe ndi maudindo. Mu Okutobala 1986 chingwe cha pakati pa Lawrence Berkeley Laboratory ndi yunivesite ya California ku Berkeley, malo otalikirana mamita mazana ochepa chabe, chidatsika kuchoka pa mabiti 32,000 pa sekondi kufika pa 40, chifukwa kompyuta iliyonse ikaona kuti paketi yatayika inkangotumiza ina mwaliuma. Njira imene katswiri Van Jacobson adafalitsa mu 1988 idali yakuti aliyense akaona kuthithikana abwerere m'mbuyo. Mpaka lero intaneti imayendera nzeru imeneyo.

Ku Zimbabwe, m'zaka zomwezo, mzere udali wa anthu, osati wa mapaketi. Bungwe la boma la PTC ndilo lokha linkaloledwa kupereka lamya, ndipo wolembetsa ankadikira zaka. Mawaya adayamba kufika m'maofesi ndi m'madera amene kale ankakhala azungu. Wa ku Zengeza ankadalira lamya ya kuntchito, ya m'kanyumba ka pamsewu, kapena kalata. Wamalonda Strive Masiyiwa atakanizidwa kuyambitsa mafoni a m'manja adapita kukhoti, ndipo mu 1995 khoti lalikulu la apilo, motsogozedwa ndi Anthony Gubbay, lidagamula pa mlandu wa kampani yake ya Retrofit kuti kuletsa ena onse kupereka lamya n'kuphwanya ufulu wolankhula. NetOne ya boma idayamba mu 1996, Econet ya Masiyiwa mu Julayi 1998, Telecel m'chaka chomwecho. Lamulo la 2000 lidagawa PTC, n'kubala TelOne, Zimpost ndi bungwe loyang'anira la POTRAZ. Chigamulo cha 1995 chija n'chofunika pankhani yathu, chifukwa chidanena poyera chimene akatswiri a mawaya sakonda kuvomera: kuti kuchedwetsa munthu kulankhula, kukapitirira muyeso, n'chimodzimodzi kumutseka pakamwa.

Chaka cha 1998 ndichonso chimene mwambo wa pa switch udasinthira. Switch ya Ethernet yoyamba kugulitsidwa idatuluka cha m'ma 1990 ku kampani ya Kalpana, imene Cisco idagula mu 1994, koma Ethernet payokha idalibe malo olembapo ulemerero wa paketi. Muyeso wa IEEE 802.1Q udawonjezera mabaiti anayi pa paketi: mabiti 12 osonyeza gulu la VLAN limene paketiyo ili, ndi mabiti atatu, otchedwa 802.1p, opereka masitepe asanu ndi atatu. Mu Disembala chaka chomwecho RFC 2474, imene mmodzi mwa olemba ake adali Kathleen Nichols, idatenga malo a mabiti a asilikali aja n'kuwasandutsa mabiti asanu ndi limodzi, manambala 64, otchedwa DSCP. Manambala si nkhani. Nkhani ndi mayina amene adapatsidwa. Pamene padali Flash ndi Immediate padabwera mawu, vidiyo, uthenga wamba ndi uthenga wosafulumira. Paketi ya mawu imalembedwa 5 pa Ethernet ndi 46 pa DSCP, kaya wolankhulayo ndi mkulu wa sukulu kapena mlonda. (Pali kamsampha kamene kamagwira ongoyamba kumene: pa 802.1p nambala 1 ili pansi pa 0, chifukwa 0 idasungidwira paketi wamba yosalembedwa kanthu, ndipo padafunika malo a zinthu zimene zingadikire kuposa wamba.) Aliyense amene adaimapo pa mjigo ku Unit L, ku Chitungwiza, amakudziwa kusiyana kumeneku. Mayi wobwera ndi kabotolo ka malita awiri ka madzi omwetsera mwana mankhwala, mzere umamupatsa mpata popanda wodandaula, poti atunga m'kanthawi ndipo vuto lake silingadikire. Koma wina akabwera ndi wilibala yodzaza zigubu n'kulowerera kutsogolo chifukwa ndi m'bale wa khansala, pamakhala phokoso.

Uthenga umene umawonongeka ukachedwa uli ndi eni ake m'tauniyi. Ku St Mary's kuli mabanja ambiri a zidzukulu za anthu ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique, amene adadza kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale, ena wapansi, ena kudzera ku bungwe lolemba antchito la Mthandizi, ndipo gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, amavinidwabe kumeneko. Agogo awo uthenga wa maliro unkawapeza pa kalata, mtembo utaikidwa kale. Lero nkhani ya maliro imakambidwa pa foni ya WhatsApp ya anthu atatu, wina ku St Mary's, wina ku Dedza, wina ku Johannesburg, kugwirizana za tsiku, za ndalama ya bokosi, za amene akwere basi. Foni yotereyi imadya mabiti ochepa kwambiri poyerekeza ndi filimu, koma siipirira kuchedwa. Ndiyo iyenera kuyamba. Komabe wokonza switch wanzeru sapereka mpata woyamba wopanda malire, chifukwa mzere wapatsogolo ukakhala wosatha, a kumbuyo sadzadutsa. N'chifukwa chake switch zambiri zimalola kusakaniza njira ziwiri: mzere umodzi woyamba nthawi zonse, imene yatsalayo n'kumagawana mosinthana malinga ndi gawo limene uliwonse wapatsidwa. Cisco yakhala ikulangiza kuti mzere wapatsogolowo usapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chingwe.

Otsutsa oyamba amati zonsezi n'kutaya nthawi: gulani chingwe chachikulu, mzere utha wokha. Ali ndi umboni wolemera. Akatswiri a Internet2, netiweki ya mayunivesite a ku America, adayesa kwa zaka zingapo kukhazikitsa mpata wapatsogolo pakati pa mabungwe awo, ndipo pofika 2002 adausiya, ataona kuti kukulitsa mawaya n'kotchipa ndiponso kosavuta kuposa kugwirizana za amene ayambe. Pakati pa netiweki, pamene pali fibre yochuluka, akunena zoona. Koma malangizo amenewa ndi a munthu amene ali ndi ndalama yogulira. Sukulu ya ku Seke imene imalipira intaneti kuchokera m'ndalama za makolo singakulitse chingwe chake kakhumi chifukwa choti ana ayamba kuonera vidiyo. Ndiponso njira ya Jacobson ija ili ndi khalidwe limene otsutsawa amaiwala: kompyuta yotumiza fayilo yaikulu imapitiriza kuwonjezera liwiro mpaka chingwe chitadzaza. Mukakulitsa kawiri, imadzazanso, kungoti imamaliza msanga. Pamphambano pamene waya wothamanga ukulowa m'waya wochedwa, mzere udzakhalapobe.

Otsutsa achiwiri ndi amene amaigwira ntchitoyi, ndipo mawu awo ndi owawa kwambiri. Amati nambala yolembedwa pa paketi ndi chonena chabe. Kompyuta iliyonse ingathe kudzilembera 46. Yankho lake lilipo, ndipo ndilo phindu lenileni la managed switch: katswiri amaiuza kuti pa bowo lolumikizidwa foni ya pa desiki ikhulupirire chimene chalembedwa, koma pa bowo la Wi-Fi ya alendo ifufute n'kulemba 0. Amatinso nambalayo sipita kutali, poti makampani ambiri opereka intaneti amaifufuta kapena kuinyalanyaza paketi ikangolowa kwawo. Izi n'zoona, ndipo palibe chozikanira. Ulamuliro wa switch umathera pakhomo pa mwini wake. Pa zimene zikubwera kuchokera kunja, mzere umapangika ku makina a kampani, kumene wa ku Chitungwiza alibeko mawu, pokhapokha atauza router yake, kabokosi kolumikiza nyumba yake ndi kunja, kuti izidutsitsa zochepa pang'ono kuposa mphamvu ya chingwe, kuti mzerewo usamukire m'nyumba mwake momwe angaulamulire. Ndipo foni ya WhatsApp ya mayi uja, yochokera pa foni ya m'manja, yobisidwa m'kati, si nthawi zonse imene switch ingaizindikire. Choncho tivomere kuti kabokosika kamachita bwino pa zinthu zodziwika malo ake: mafoni a m'ofesi, makamera a chitetezo, makompyuta olembera odwala pa kiliniki olekanitsidwa ndi Wi-Fi ya odikira pabenchi. Gawo limeneli ndi laling'ono, koma ndi gawo lokhalo m'njira yonse ya paketi limene wosankha mungathe kumupeza, kumufunsa chifukwa chake, ndi kumuuza kuti asinthe.

Mfundo yoti wosankha azipezeka imakula tikamva otsutsa achitatu, amene amaopa mwambo wonsewu. Amati makina otha kuzindikira paketi kuti aikonde angathenso kuizindikira kuti aitseke, ndipo mbiri ya Zimbabwe ili kumbali yawo. Cha m'ma 2013 makampani a mafoni adayamba kugulitsa mabandulo a WhatsApp ndi Facebook otchipa kuposa data wamba, ndipo pofika 2017 malipoti a POTRAZ ankaonetsa kuti WhatsApp yokha inkatenga pafupifupi theka la data yonse ya pa mafoni. Kwa ambiri intaneti idasanduka WhatsApp, osati chifukwa adasankha, koma chifukwa mtengo udawasankhira. India idaletsa kugulitsa data mosiyanitsa chonchi mu Febuluwale 2016, Zimbabwe sidatero. Pa 6 Julayi 2016, tsiku limene anthu adakhala pakhomo potsatira kuitana kwa m'busa Evan Mawarire ndi anzake, WhatsApp idasowa kwa maola angapo. Mu Januwale 2019, pa zionetsero zokana kukwera kwa mtengo wa mafuta, zimene ku Chitungwiza zidatentha kwambiri, boma lidalamula kuti intaneti yonse itsekedwe, ndipo itatsegulidwa pang'ono, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zidakhalabe zotseka, kufikira pa 21 Januwale pamene khoti lalikulu lidagamula kuti nduna imene idalamulayo idalibe mphamvu zotero. M'dziko limene EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni, kuyambira 2011 idakhala chikwama cha anthu ambiri, ndipo malonda ang'onoang'ono amayendera pa foni, kutseka kotere kudakhudza ndi chakudya chomwe. Mantha a otsutsawa ndi oyenera. Koma taonani chimene chidachitika m'zitsanzo zonsezi: paketi idasankhidwa potengera dzina la kampani kapena zofuna za wolamulira, wosankhayo ali kutali. Limeneli ndi batani la Flash Override litabwerera. Ngakhale Tim Wu, amene mu 2003 adatchukitsa mfundo yoti netiweki isamakondere, sadakane kuti mawu ndi fayilo zimafuna kusamalidwa mosiyana; chimene ankakana ndi kukondera mwini.

Akatswiri ena adapita patsogolo n'kufunsa ngati n'kofunika kuti munthu azisankha n'komwe. Jim Gettys ataonetsa mu 2010 kuti zida zambiri zimasunga mizere yaitali mopitirira muyeso, Nichols ndi Jacobson, anthu omwe aja, adatulutsa mu 2012 njira yotchedwa CoDel, ndipo kuchokera pamenepo padabwera fq_codel, imene imapatsa wotumiza aliyense kamzere kake n'kulola wotumiza zochepa kuti adutse msanga popanda kufunsa kuti ndi ndani kapena wanyamula chiyani. Kwa banja kapena shopu yaing'ono, router yokhala ndi njira imeneyi imathandiza kuposa switch yodula, ndipo wogulitsa woona mtima ayenera kunena zimenezi. Ilinso ndi ubwino wina m'dziko limene mu 2019 magetsi a ZESA ankazima mpaka maola 18 patsiku: siifuna malamulo ambiri oti aiwalike. Pa switch zambiri, malamulo amene katswiri walemba koma osawasunga m'chikumbumtima chokhalitsa amafufutika magetsi akangothima, ndipo m'mawa mwake zonse zimaoneka ngati zili bwino, nyali zobiriwira zikuphethira, pamene mzere wapatsogolo udatha usiku.

Starlink, kampani ya intaneti ya pa setilaiti, idavomerezedwa ku Zimbabwe mu Meyi 2024 n'kuyamba kugwira ntchito mu Seputembala, ndipo ambiri ankayembekeza kuti kuthithikana kwatha. Pasanapite nthawi yaitali kampaniyo idaleka kulandira makasitomala atsopano ku Harare ndi madera oyandikana nawo chifukwa malo adadzaza. Mlengalenga namonso muli mzere, ndipo Starlink imaugulitsa poyera: pali phukusi lotchipa limene mapaketi ake amaikidwa kumbuyo nthawi imene anthu achuluka, ndipo pali la amalonda lotchedwa Priority, dzina lomwe lija la batani loyamba la AUTOVON. Mphunzitsi wamkulu wa ku Zengeza angathe kuuza switch yake kuti foni ya mu ofesi iyambe, vidiyo za ana zidikire, koma malo a mbale yake yonse ya Starlink pa mzere wa setilaiti amadalira phukusi limene komiti ya makolo idakwanitsa kulipira mwezi umenewo.